Funsani Azakhali: Ndinalowa gulu koma ndikadali mlendo

Makalata a mwezi uno akhala ngati olembawo anachita kupangana. Ndasankhapo asanu, ena ndawadula pang'ono kuti akwane pa tsamba, ndipo mayina ndabisa monga mwa nthawi zonse.

*

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 34. Papita miyezi 8 chisamukireni mumzinda uno chifukwa cha ntchito, ndipo kuno ndilibe m'bale ngakhale mmodzi. Mnzanga wina anandilangiza pa foni kuti ndilowe gulu lililonse, ndiye ndinalowa kwaya ina imene imakumana maola awiri Lachinayi lililonse madzulo. Ndapitako maulendo 7. Anthu ake si oipa ayi, moni amandipatsa. Koma tikangotsiriza nyimbo yomaliza aliyense amathamangira kwa mnzake, n'kumaseka nkhani zimene ine sindikudziwa mutu wake. Ine ndimangoima ngati chitsa, n'kumanamizira kuwerenga mauthenga pa foni. Sabata yatha sindinapite, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anandifunsa. Kodi vuto ndi ine? Ndingosiya?

Mlendo wa pa mzere wachitatu

Mwana wanga, tiyeni tiyambe tawerengetsera, poti ine uphunzitsi ndinapuma koma masamu sanandichoke m'mutu. Maulendo 7, ulendo uliwonse maola awiri, ndiye kuti maola 14. Ndipo ambiri mwa maola amenewo munali kuyang'ana nkhongo ya munthu wa kutsogolo kwanu, nyimbo ili pakamwa. Mu 2018 pulofesa Jeffrey Hall wa ku yunivesite ya Kansas ku America anafufuza anthu amene anali atangosamukira kumalo achilendo, komanso ophunzira ongoyamba kumene ku yunivesite, pofuna kudziwa kuti ubwenzi umadya maola angati. Anapeza kuti pamafunika maola pafupifupi 50 okhalira limodzi kuti munthu wongodziwana naye asanduke mnzako wochezerana naye, pafupifupi 90 kuti akhale mnzako weniweni, ndi oposa 200 kuti akhale wa pamtima. Inu muli pa 14. Amayi mukuwaona akufa ndi phwetewo mwina akhala akuimirira moyandikana kwa zaka 10.

Gulu lokha munasankha bwino. Ofufuza a ku Oxford, mmodzi mwa iwo Robin Dunbar, anatsatira kwa miyezi 7 makalasi a anthu akuluakulu, ena oyimba, ena a ntchito zamanja, ena olemba nkhani, ndipo mu 2015 anafalitsa zoti oyimba ndi amene anazolowerana msanga m'mwezi woyamba, ngakhale pomafika kumapeto magulu onse anali atafanana. Kungoti makalasi amenewo anali atsopano, aliyense anali mlendo. Inu mwalowa m'nyumba yomangidwa kale, ndipo imeneyo ili ndi kalowedwe kake. Ndikuuzeni mmene ine ndinalowera.

Ndinalowa kwaya ndili ndi zaka 58, amuna anga atamwalira, nditasamuka kutsatira mwana wanga wamkazi. Miyezi itatu yathunthu ndinali inuyo ndendende. Ndinkafika nthawi itakwana kumene, kuopa kuima ndekha pakhomo, ndipo ndinkakhala woyamba kutuluka. Tsiku lina mayi amene ankasunga mafayilo a nyimbo anathyoka mkono. A kwayamasitala anafunsa katatu konse kuti ndani azinyamula katoniyo, anthu onse maso pansi. Ndinakweza dzanja, ndipo ndisaname kuti unali mtima wabwino, kunali kungoti chete ujayo anandichititsa manyazi. Inali katoni yolemera ya mafayilo 26, ena ong'ambika, mapepala ake omatamata ndi selotepi yofiira ndi ukalamba. Fayilo iliyonse inali ndi mwini wake, chifukwa anthu ankalembamo ndi pensulo popumira mpweya ndi pokwezera mawu. Kuti ndigawe osasokoneza, ndinayenera kudziwa dzina la aliyense. Pasanathe masabata atatu ndinali nditawadziwa onse 26, kuphatikizapo bambo wina wa besi amene fayilo yake inkanunkha oilo wa galimoto, ndi mtsikana wa alto amene ankajambula timaluwa m'mphepete mwa pepala lililonse.

Kenako tsiku lina basi inandichedwetsa. Ndinalowa patadutsa mphindi 20, thukuta lili kamukamu, katoni ili pachifuwa, n'kupeza kwaya yonse yangokhala manja lende. Bambo wa besi uja anakuwa ali kumbuyo: "Mayi inu, ife timayesa mwathawa nazo nyimbo zathu!" Anthu anaseka. Wina anandilanda katoniyo, wina n'kuyamba kundikalipira kuti bwanji sindinamuimbire foni adzandichingamire. Usiku umenewo ndinabwerera kunyumba ndikumwetulira ndekha mumsewu ngati wozungulira mutu. Mlendo sakalipiridwa, amangopatsidwa moni waulemu basi. Ine tsiku limenelo anandikalipira.

Tsono nkhani yoti palibe anakufunsani, ndiyankha mosapita m'mbali ngakhale ziwawe. Sanakufunseni chifukwa tsiku limenelo palibe chimene chinasowa. Chitseko chinatsekulidwa, mipando inayalidwa, nyimbo zinayimbika. Chidani palibepo apa. Pezani kanthu kakang'ono koti mukapanda kubwera kasowe. Musadikire kuti wina athyoke mkono. Pitani kwa a kwayamasitala munene kuti, "Ndingathandizeko chiyani?" Akakuyankhani mwaulemu kuti palibe, yang'anani amene amayala mipando, mungoyamba kunyamula naye osapempha chilolezo.

Ndipo muzifika msanga, ngakhale ndi mphindi 15 zokha. Mu 1950 Leon Festinger ndi anzake awiri anafalitsa kafukufuku wa nyumba zogona ophunzira apabanja pa sukulu ya MIT ku America. Mabanjawo sanasankhe okha pokhala, koma atafunsidwa za anzawo apamtima, 41 pa 100 alionse a oyandikana khomo ndi khomo anatchulana, pamene okhala kumapeto awiri a khonde lomwelo anali 10 okha pa 100. Okhala pafupi ndi masitepe ndi amene anali ndi anzawo ambiri m'nyumba zam'mwamba, poti aliyense ankadutsa pakhomo pawo. Ubwenzi wambiri umayamba ndi kungogundana kawirikawiri. Pa kwaya, masitepe ake ndi mphindi zija anthu asanayambe kuyimba ndi zija atangomaliza, zomwezo zimene inu mumabisala nazo mu foni. Foniyo muziisiya m'chikwama.

Mwafunsa ngati vuto ndi inu. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2025 kuti munthu mmodzi mwa 6 alionse amasungulumwa, ndiye mu kwaya yanuyo mwina mulinso ena amene akungodziwa kubisa. Komanso mu 2018 Erica Boothby ndi anzake anapeza kuti anthu akacheza ndi munthu wachilendo, kawirikawiri amachoka akuganiza kuti sanakondedwe, pamene mnzawoyo anawakonda kuposa mmene akuganizira. Mtima ndi mboni yonama pa nkhani imeneyi.

Kusiya kulipo, sindikukana. Mukagwira kantchito kwa miyezi 6, mayina mwawadziwa, koma akukuyankhanibe ndi mphuno, tulukani mukapeze kwina. Magulu ena ndi otsekadi. Koma pa maola 14 simunadziwebe ngati ili ndi limodzi mwa amenewo.

*

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 19. Ndakhala ndikuphunzira ndekha kukonza mafoni poonera mavidiyo pa YouTube, ndipo kusintha sikirini ndi batire ndimatha bwinobwino. Mayi anga anandipezera malo kwa bambo wina wokonza mafoni, amene ali ndi amisiri atatu. Papita mwezi tsopano, koma ntchito yanga ndi kusesa, kupukuta mafoni okonzedwa kale, kulemba mayina a makasitomala ndi kusankhula tizitsulo tomangira. Sanandilolepo kutsegula foni ngakhale imodzi. Ndikuona ngati akungondidyera masuku pamutu. Kodi si bwino ndingobwerera ku mavidiyo anga?

Wotopa ndi tsache

Iwe mwana wanga, tsachelo usalinyoze msanga.

M'zaka za m'ma 1970 mayi wina wofufuza za chikhalidwe cha anthu, Jean Lave, anakhala nthawi yaitali pakati pa matelala a mumzinda wa Monrovia ku Liberia, kuonerera mmene anyamata a mitundu ya Vai ndi Gola ankaphunzirira kusoka. Panalibe bolodi, panalibe choko. Chimene chinamuchititsa chidwi n'chakuti ankaphunzira chobwerera m'mbuyo. Wongoyamba kumene ankapatsidwa chovala chotha kale kuti asokerere mabatani, apinde m'munsi, asite. Kenako ankaphunzira kulumikiza zidutswa pa makina. Kudula nsalu, komwe ndiko koyamba posoka chovala, ndiko kunali komaliza kuphunzira. Taganizira chifukwa chake. Wosita thalauza amaligwira lonse m'manja, n'kuona mmene thalauza losokedwa bwino limakhalira. Wolumikiza zidutswa amayamba kuzindikira chimene chidutswa chilichonse anachidulira choncho. Ndipo batani ukalisokerera molakwika umangomasula ulusi, pamene nsalu ya mwini ukaidula molakwika yapita basi. Mu 1991 Lave ndi mnzake Etienne Wenger anafotokoza kuti umu ndi mmene anthu amalowera m'ntchito zambiri: umayambira m'mphepete ndi kantchito kakang'ono koma kenikeni, n'kumasendera pakati pang'onopang'ono, ndipo luso limakula limodzi ndi kukhulupiriridwa.

Foni ya kasitomala ndi nsalu ya mwini. Muli zithunzi za ana ake, manambala a abale ake, mwinanso ndalama zake. Bamboyo wakudziwa mwezi umodzi wokha. Ukamalemba mayina a makasitomala umamva mmene munthu amafotokozera vuto la foni yake ("ikumangozima yokha, koma sinagwe ayi," pamene pakona pali chipsera choonekeratu), ndipo madzulo umaona chimene mmisiri anapeza atatsegula. Zimenezo vidiyo siingakuonetse, chifukwa wojambula vidiyo amadziwa kale vuto asanayambe kujambula.

Palinso china. M'zaka za m'ma 1980 Julian Orr anatsatira amisiri okonza makina a fotokope a kampani ya Xerox. Kampaniyo inali itawapatsa mabuku onenepa a malangizo, koma makina akavuta mwachilendo, chimene chinkawapulumutsa ndi nkhani zimene ankasimbirana akakhala pamodzi pa nthawi yopuma: makina akuti anachita zakuti, tinayesa ichi chinakanika, kenako tinapeza kuti vuto lili apa. Amisiri atatu akowo akamacheza n'kumasekana za foni imene inawavuta dzulo, tchera khutu. Sukulu yako ndi imeneyo, ndipo fizi yake ndi tsachelo.

Koma usaganize kuti ndikuikira kumbuyo aliyense wopatsa mwana tsache. Lave ndi Wenger omwewo anafotokozanso za ophunzira ntchito yodula nyama m'masitolo akuluakulu a ku America, amene ankangoikidwa pa makina okutira katundu, pamalo poti sakanatha n'komwe kuona amisiri akudula. Kumeneko kunali kugwiritsidwa ntchito chabe. Ndiye udziyese ndi mafunso awa. Pamene umasesapo, manja a amisiri umawaona? Ukafunsa kuti "mwadziwa bwanji kuti ndi chimenecho?" amakuyankha kapena amakuthamangitsa? Ngati amakuyankha, khala. Pempha foni yakufa, yoti mwini wake anaitaya kale, uziphunzirirapo kuwotcherera iwo akuona. Bweretsa yako yakale uisinthe sikirini pamaso pawo, aone okha kuti manja ako sanjenjemera. Safunsa anadya phula. Pakatha miyezi itatu ntchito yako isanakuleko ngakhale pang'ono, ukawauze mayi ako mwaulemu kuti mufune kwina, koma kwina kumene kuli amisiri, osati kuchipinda kwako.

Mavidiyo usasiye, uzionera usiku, m'mawa n'kukafunsa zimene sunamvetse. Ndikuwonjezere chimodzi chimene pa zaka 19 sungachiganizire. Mu 1973 Mark Granovetter anafalitsa zimene anapeza pofunsa anthu a m'tauni ya Newton ku America amene anapeza ntchito kudzera mwa munthu wina. Amene anathandizidwa ndi munthu woonana naye pafupipafupi anali pafupifupi 17 okha pa 100. Ena onse anamva za ntchitoyo kwa munthu woonana naye mwa apo ndi apo kapena mwakamodzikamodzi. Chifukwa chake n'chosavuta: anzako apamtima amadziwa zomwe iwe ukudziwa kale, pamene wongodziwana naye amayenda njira zina. Wobweretsa zipangizo, mmisiri wa kwina wodzabwereka chida, kasitomala amene unamulandira bwino, mmodzi mwa amenewa ndi amene adzakutchule dzina tsiku lina pamalo pamene iwe palibe.

*

Azakhali,

Ndine wapampando wa gulu lothamanga m'mawa Loweruka lililonse. Tinaliyambitsa anthu asanu zaka 6 zapitazo. Anthu atsopano amabwera ndithu, koma akathamanga nafe kawiri katatu sitiwaonanso. Ife asanu ndi amene timachita zonse: kusankha njira, kusunga nthawi, kutumiza mauthenga pa WhatsApp. Tatopa. Gulu lathu lilibe malamulo ovuta, aliyense ndi womasuka. Anthu a masiku ano ndi aulesi kapena?

Wapampando wotopa

Achimwene, pepani, koma ulesi ndauona pang'ono m'kalata yanuyi, ndipo dyera la ntchito ndaliona lambiri. Mwalemba nokha kuti inu asanu mumachita zonse. Nanga wachisanu ndi chimodzi agwire chiyani? Werengani yankho langa kwa mayi wa kwaya pamwambapa, kenako mudzifunse kuti katoni yanu mwakhala mukuikumbatira zaka zingati.

Mawu akuti "tilibe malamulo" ndimawaopa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Jo Freeman, amene anali m'magulu omenyera ufulu wa amayi ku America, anachenjeza kuti gulu lodzitama kuti lilibe dongosolo limakhala nalo ndithu, kungoti ndi lobisika, ndipo limayendetsedwa ndi kagulu ka anthu ogwirizana kale. Malamulo anu alipo. Inu asanu mumadziwa pokumanira mvula ikagwa, mumadziwa kuti "6 koloko" amatanthauza kunyamuka osati kufika, mumadziwa amene amadikirira otsalira ndi amene sadikira. Watsopano amazidziwa zimenezi pochita manyazi. Zilembeni pa pepala limodzi, muzimupatsa tsiku loyamba.

Poti ndinu othamanga, tengerani chitsanzo kwa anzanu a parkrun. Anayamba mu 2004 ku Bushy Park mumzinda wa London, othamanga 13 okha, Paul Sinton-Hewitt atagwira wotchi. Lero zikuchitika m'mayiko ambiri, makilomita 5 Loweruka lililonse, kwaulere, ndipo oyendetsa ndi anthu ongodzipereka amene amasinthanasinthana. Pa ntchito zawo zonse, imene imandisangalatsa ndi ya munthu woyenda kumbuyo kwa onse. Udindo wake ndi kukhala womaliza, kuti pasapezeke wina womaliza. Tsono ganizirani mayi amene wabwera kwa inu koyamba, wonenepa pang'ono, akupuma wefuwefu, inu asanu mwazimiririka pakona. Abwerenso kudzatani? Loweruka likubwerali womaliza mukhale inuyo, apampando.

Ndipo ntchito muzigawa msanga, munthu asanazolowere n'komwe. Bungwe la Alcoholics Anonymous, lothandiza ofuna kusiya mowa, linabadwa mu 1935 ku Akron m'chigawo cha Ohio, pamene Bill Wilson, ali pa ulendo wa bizinesi ndipo chilakolako cha mowa chitamugwira, anayamba kuimba mafoni kufunafuna chidakwa china choti alankhule nacho. Anapeza dokotala Bob Smith. Wilson anali atazindikira kuti iye mwini amalimba akamathandiza wina. Mpaka lero m'magulu ambiri a bungweli watsopano amapatsidwa msanga kantchito ngati kuyala mipando kapena kulandira anthu pakhomo. Mu 1965 Frank Riessman analemba mfundo yomweyi, yakuti m'magulu othandizana wothandizayo nthawi zambiri ndi amene amapindula kwambiri. Ndiye mukamakana kuthandizidwa, mukuwamana anthu chinthu chimene chikanawasunga.

Munthu akabwera kachiwiri, mupatseni wotchi. Akabwera kachisanu, asankhe njira. Adzasankha njira yoipa, yamatope, yotalika mopitirira, ndipo mudzadandaula. Dandaulani ndithu, koma muithamange.

*

Azakhali,

Gulu lathu lowerenga ndi kukambirana nkhani ndimalikonda, landiphunzitsa zambiri. Koma masiku ano mtsogoleri akanena chinthu aliyense amangovomera. Nditatsutsa kamodzi, anzanga awiri anasiya kundiyankha mauthenga kwa sabata yathunthu. Tsopano ndimangogwedeza mutu ngakhale ndisakugwirizana nazo. Ndikuchita bwino?

Wogwedeza mutu

Ayi, mwana wanga, simukuchita bwino, ngakhale ndikumvetsa. Mu 1951 Solomon Asch ankaika munthu mmodzi pakati pa anthu amene Asch yemweyo anapangana nawo mwachinsinsi, n'kuwafunsa onse funso losavuta: mwa mizere itatu iyi, wofanana kutalika ndi uwu ndi uti? Opangana aja ankayankha molakwika dala, onse mofanana. Anthu atatu mwa anayi alionse anatsatira bodzalo kamodzi kapena kuposa, maso awo akuona bwinobwino. Koma pakangopezeka mmodzi yekha wonena zoona, kugonja kuja kunkatsika kwambiri. Ndikukhulupirira kuti m'gulu lanulo muli wina amene akugwedeza mutu ngati inu, akudikira kuti wina ayambe.

Yesaninso kamodzi, modekha, pa nkhani yaing'ono, ndipo mufunse ngati funso: "Nanga tikaiona chonchi?" Kenako muone chimene chichitike. Gulu lophunzira limene silifuna mafunso lasiya kuphunzira. Akakukwiyiraninso, makamaka akayamba kukuuzani kuti anzanu akunja ndi abale anu ndi osokoneza, kapena kuti amene anachoka m'gululo musamawapatse moni, nyamulani mabuku anu. Ndipo musalole kuti gulu limodzi likhale anthu anu onse. Amati mapanga awiri avumbwitsa, koma pa nkhani iyi ine ndimatsutsana nawo akuluakulu: wokhala ndi phanga limodzi ndi amene amavomera zilizonse kuopa mvula.

*

Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 67, ndinali kalipentala. Akazi anga anamwalira chaka chatha. Mwana wanga akundikakamiza kuti ndilowe gulu la anthu oferedwa, koma ine zokhala mozungulira n'kumafotokoza za mumtima sindizitha. Ndili bwino ndekha. Muuzeni andisiye.

Kalipentala wopuma

Bambo, pepani ndi zovutazo. Njira imeneyo ndinadutsamo, ndipo ndikudziwa mmene nyumba imakulira munthu akachoka.

Mwana wanuyo sindimuuza kuti akusiyeni, chifukwa mantha ake ali ndi maziko. Mu 2010 Julianne Holt-Lunstad ndi anzake anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 148, wokhudza anthu oposa 300,000 amene anatsatidwa kwa zaka pafupifupi 7 ndi theka, n'kupeza kuti okhala ndi maubale olimba anali ndi mwayi wochuluka ndi 50 pa 100 wokhalabe ndi moyo poyerekeza ndi otalikirana ndi anthu. Nkhaniyi ndi yaikulu moti dziko la Britain linasankha nduna yoona za kusungulumwa mu 2018, ndipo Japan inachita chimodzimodzi mu 2021.

Koma pa mtundu wa gulu, ndili mbali yanu. Si aliyense amene amatha kukhuthula za mumtima anthu atamuzungulira. Ku Australia anazindikira zimenezi m'zaka za m'ma 1990, pamene kunayamba malo otchedwa Men's Sheds, mashedi momwe abambo, ambiri opuma pa ntchito, amakumana n'kumapala matabwa, kukonza njinga ndi mipando yothyoka. Ganizo lake n'lakuti abambo ambiri amalankhula ataima phewa ndi phewa, maso ali pa ntchito, osati atayang'anizana. Lero mashedi otere afalikira ku Ireland, Britain, New Zealand ndi Canada. Palibe amene amakufunsa kuti ukumva bwanji. Wina amangoti gwira uku, ndipo pakatha miyezi iwiri mumapezeka mukukamba za akazi anu, utuchi uli m'tsitsi.

Inu muli ndi chinthu chimene mnyamata wa tsache pamwambapa akuchisowa: manja odziwa ntchito ndi nthawi yoyankha mafunso. Funsani mwana wanuyo akuthandizeni kupeza malo apafupi pamene pali mabenchi ogwedera kapena achinyamata ofuna kuphunzira ukalipentala, kaya ndi pa sukulu, pa malo opempherera, kapena pa bwalo la masewera. Mupite Loweruka limodzi lokha, mukakonze benchi imodzi, musalonjeze kanthu. Pochoka, sowo yanu muyiiwale komweko.